Mbale Yachiwiri ya Jajang

Incheon, 16 Epulo 2000

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mdzukulu wanu Solmae. Bondo lija likuti bwanji tsopano popeza chisanu chatha? Ine kuno ndili bwino. Ndikudya, ndikugona, ntchito ya ku fakitale ya mipando ikuyenda.

Ndapatsira mwana wa a Heo ndalama zanu, mayuwani zikwi zitatu, akwera sitima ya pamadzi Lachinayi. Muwerenge iye ali pomwepo. Si wakuba ayi, koma ali ndi ludzu losatha. Mugule mbewu ya mpunga ndi feteleza, Solmae mumugulire nsapato za kusukulu, zotsalazo zipite kwa mmisiri wa denga. Chipinda chatsopanocho achimalize ndithu, ndipo zenera liyang'ane kum'mwera monga ankafunira amake Solmae.

Za anthu a m'mudzi zisakudwalitseni, alekeni alankhule. Inu mukudziwa kuti chisudzulo changa ndi Okhwa, amake Solmae, n'cha papepala chabe, ndipo ukwati wake ndi mlimi wa ku chilumba cha Ganghwa uja ndi wa papepalanso. Njira ina yolowera m'dziko muno inalipo ngati? Ine ndinalowa ngati mlendo, masiku anga anatha kalekale, ndikuyenda mozemba ngati khoswe. Iye akapirira zaka ziwiri m'nyumba imeneyo apatsidwa unzika, achokamo, tikwatirananso n'kuitanitsa mwana. Ndi akazi angati a kwathu ku Longjing amene achita zomwezi? Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Okhwa anandiimbira foni ku fakitale. Ku Ganghwako anawauza kuti ali ndi mchimwene wake ku Incheon, ndiye amulola kumabwera Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse. Mchimweneyo ndine.

Lachisanu nditaweruka ndinapita kukaona malo amene tizikumana, kanyumba kodyeramo zakudya za Chitchaina kuseri kwa depoti ya mabasi. Amayi, musekeko. Ndinalowa ndi mtima woti lero ndidya zakwathu. Anandibweretsera jajang, koma si wathu wamchere uja. Zingwe zake za tirigu n'zonenepa, msuzi ndi wakuda bii ngati phula, wotsekemera, ndipo amangouthira pamwamba kuti usakanize wekha ndi timitengo todyera. Akuti n'chakudya cha ku China. China chake chiti, kaya.

Mwini malowo ndi mayi wojintcha, wapakamwa, onse amangoti Azakhali a Dam. Ndi Mtchaina wobadwira kuno, monga ine ndili Mkoreya wobadwira uko ku China, ndiye sitinachedwe kumvana. M'katimo munadzaza anyamata ndi atsikana ovala zakuda, aliyense ndi mbale yake.

"Nanunso akukanani?" anandifunsa Azakhaliwo.

"Andikana ndani?"

"Lero ndi pa 14 Epulo, bambo inu, tsiku lakuda. Aliyense wopanda womukonda amadya jajang lero, kulira msuzi uli kukamwa. Khalani apo ndi anzanu."

"Ine ndili ndi mkazi ndi mwana!" ndinatero mokweza, mpaka ana aja anacheuka.

"Onse amatero. Ali kuti nanga?"

Ndinangowerama n'kudya. Koma adzamuona posachedwa, pakamwa pawopo padzatsekeka.

Mwana wanu,
Yonggil


Incheon, 9 Meyi 2000

Amayi,

Moni wambiri kwa inu ndi Solmae. Ndili bwino, lero ndili bwino kwambiri.

Anabwera! Ndinafika msanga n'kutenga gome la pafupi ndi zenera, pamene umaona mabasi a ku Ganghwa akamakhota. Ndinamuzindikira ndi kayendedwe, kaja kogwira chikwama kutsogolo ndi manja awiri. Waonda pang'ono, dzuwa lamudetsa, m'manja muli ming'alu ya kumunda.

Azakhali a Dam anabwera akupukuta manja.

"Ehe! Mkazi uja ndi ameneyu?"

"Ndi achimwene anga," Okhwa anayankha ine ndisanatsekule pakamwa.

Anachita bwino, chifukwa anthu a ku chilumbako amadyanso pomwepo podikira basi. Tinagwirizana tokha zimenezi. Komabe zinandilowa ngati singano, sindikubisirani.

Azakhaliwo anakuwira kukhitchini kuti, "Ziwiri!" Mbale zitafika ndinayamba kulimbana ndi yanga, msuzi ukudumphira pamalaya. Okhwa anandilanda.

"Bambo a Solmae, zaka zonsezi simunaphunzire? Mumayambira pansi, n'kunyamula, n'kutembenuza. Osati kuvundula ngati chakudya cha nkhumba."

Analankhula monong'ona, koma dzina langa lenileni linamveka. Anasakaniza mpaka chingwe chilichonse chinada, n'kundikankhira mbale, kenaka n'kuyamba yake. Mukukumbuka mmene ankachitira kunyumba, kuti mbale ya mwamuna wake iyambe yakonzeka iye asanakhudze yake? Sanasinthe. Tinadya milomo ili bii, tikusekana ngati ana.

Anafunsa za dzino la Solmae, za ng'ombe, za denga. Akuti mwamunayo, a Bong, ndi munthu wosalankhulalankhula, wazaka pafupifupi makumi asanu, sanakwatirepo chifukwa chodwazika amayi ake amene sadzukanso pamphasa. Okhwa ndiye akuwasambitsa ndi kuwadyetsa tsopano. Ndinafuna kufunsa china, za kagonedwe ka m'nyumbamo, koma basi yake inali itayandikira.

Mbale imodzi ndi mawoni a kuno zikwi ziwiri ndi theka. Musati ndikumwaza ndalama, ndi kamodzi pamwezi. Mmisiri akapempha zoonjezera mumukanize, tinapangana kale mtengo. Solmae mumuuze kuti amake akuti asamanyowetse tsitsi m'mawa.

Mwana wanu,
Yonggil


Incheon, 8 Ogasiti 2000

Amayi anga,

Ndikhulupirira muli bwino. Kalata yanu ndinailandira, ndakondwa kuti mpunga wabiriwira ndi kuti denga silikudontha. Pepani ndachedwa kuyankha, ndipo musadabwe ndi zilembo zopindikazi. Dzanja ndinalipweteka pang'ono pamakina ochekera matabwa. Sizikudetsa nkhawa. Kuchipatala chachikulu sindinapite chifukwa amafunsa mapepala, koma bwana anandiperekeza kwa dokotala wina amene safunsa zambiri.

Mwezi uno ndalama zichepa, ndinakhala masabata angapo osagwira ntchito. Malasha a chisanu mugule tsopano, akadali otchipa.

Mu Juni Okhwa anabwera, ngakhale anafulumira kubwerera. Mu Julaye sanabwere, kunali mvula ija yosakata, ndinamvetsa. Dzana kunali dzuwa ngwee. Ndinangoona basi ikukhota, n'kuitanitsiratu ziwiri kuti akamalowa apeze zili pagome. Anatsika ena okhaokha. Inabwera ina, chimodzimodzi.

Jajang ali ndi khalidwe loipa, Amayi. Sadikira munthu. Ukamusiya pang'ono zingwe zija zimamwa madzi, zimatupa, n'kumatana kukhala chibumi chimodzi choti ukabaya kamtengo chimanyamuka chonse.

"Iwe wa ku Yanbian," anatero Azakhali a Dam, pakuti masiku ano amangondiitana ndi dzina la dera lathu, "ukundinyozetsa. Anthu akaona chimenecho aziti ndiwo maphikidwe anga. Munthu amaitanitsa mnzake atakhala pansi."

"Akubwera, Azakhali."

"Akubwera wapansi kuchokera ku Ganghwa?"

Ndinadya zonse ziwiri ndi dzanja lamanzere, kuti asaone ngati ndagonja. Yachiwiriyo inandikhala pamtima mpaka madzulo. Ndinayenda kugombe kukaona sitima zopita kwathu, kenaka ndinabwerera kuchipinda. Anzanga ogona nawo anali atapita kukaimba nyimbo kumowa. Lamulungu ndi tsiku lalitali kuno.

Okhwa anaimba foni dzulo, akuti agogo aja anadwalika, sakanawasiya. Ndi mtima wake umenewo, mumamudziwa. Za dzanjali sindinamuuze, nanunso musauze Solmae.

Mwana wanu,
Yonggil


Incheon, 4 Okutobala 2000

Amayi,

Moni. Ndili bwino, dzanja lapola. Zikomo posenga udzu pamanda a bambo pa chikondwerero cha zokolola. Zaka zitatu tsopano mwana wawo wamwamuna osawathirira mowa, zimandichititsa manyazi.

Zimene mwamva kwa akazi a a Heo ndi zopusa, ndipo zandikwiyitsa kuti munazilemba. Inde, Okhwa anaphikira makolo a banja la a Bong pachikondwererocho, anawagwadiranso. Nanga akanatani? A boma amafika m'nyumba zotere mwadzidzidzi kudzaona ngati ukwatiwo ndi weniweni. Amayang'ana ngakhale mapilo. Ayenera kuoneka ngati mkazi wa pakhomopo, ndiyo ntchito imene tinamutuma. Mayi amenewo ayambe asamala za mwana wawo woledzera uja.

Mwandilembera kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwambi umenewo sindikuufuna.

Mwezi watha ndi uno sanabwere, ndi nthawi yokumba mbatata. Ine ndimapitabe. Gome lija Azakhali amandisungira, ngakhale amalalata. Chithunzi chimene Solmae anajambula, cha anthu atatu pazenera, ndachimata pakhoma.

Ndatumiza mayuwani zikwi ziwiri. Chipindacho muchimate mapepala oyera, koma musaikemo katundu.

Yonggil


Incheon, 5 Disembala 2000

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira chisanu sichikukuzunzani. Kolezani moto osaumira, malasha akatha ndidzatumiza za ena. Ine thupi lili bwino.

Agogo a ku Ganghwa aja anamwalira mwezi watha. Okhwa anaimba foni kuti a Bong akufuna kuonana ndi mlamu wawo, akuti n'zamanyazi kuti chaka chikutha asanapereke ulemu kwa mchimwene wa mkazi wawo. Ndikanakana bwanji? Anabwera dzana.

Ndinakonzeka kumuda munthuyo, Amayi. Miyezi yonseyi ndinkamuumba m'mutu mwanga, wamwano, wonunkha mowa. Analowa bambo wamfupi, wa imvi m'mbali, atavala jekete ya suti yothina m'mapewa, atasenza thumba la mpunga wa m'munda mwake. Azakhali a Dam anatilowetsa m'kachipinda ka kumbuyo kokhala pansi. Munthu uja anavula nsapato, anagwada, n'kugunditsa chipumi pansi pamaso panga. Wamkulu kwa ine ndi zaka khumi ndi kuposa.

"Alamu, mundikhululukire pochedwa. Mlongo wanuyu anawasamala amayi anga kuposa mwana wobala. Anatsekera maso m'manja mwake. Ndilibe choti ndingabweze kubanja kwanu."

Anaitanitsa nyama ya nkhumba yokazinga, ija yodula imene ine ndimangoiona pamagome a ena. Anandithirira mowa atagwira botolo ndi manja awiri, ndipo pakumwa wake anatembenukira kukhoma monga amachitira mwana pamaso pa akulu. Kenaka anatulutsa phukusi.

"Ichi n'chikhoti cha mwana wanu Solmae. Azakhali ake, akazi angawa, amamukonda zedi. Chithunzi chake chili m'chikwama mwawo, ndipo nthawi zina ndimawapeza akulira nacho. Ndiye ndinati, kwanuko kumazizira."

Ndinathokoza. Okhwa maso ali pagome.

"Zitatu!" anakuwa Azakhali a Dam, ndipo jajang anafika.

Apa ndi pamene ndikufuna mumve. Dzanja langa lamanja ndinali nditalibisa pansi pa gome chifikire. Mbale zitaikidwa ndinaiwala, ndinalitulutsa n'kukankhira mbale yanga kwa Okhwa monga mwa masiku onse. Iye sanaione. Anali atatenga kale mbale ya a Bong. Sanaganize n'komwe, manja anangopita okha. Anayambira pansi, kunyamula, kutembenuza. Anatola anyezi m'modzim'modzi n'kuika m'mbale yake, chifukwa mwamunayo akuti anyezi amamutentha pamtima. Panalibe wa boma m'chipindamo, Amayi. Panalibe womuonerera.

Amene anaona dzanja langa ndi a Bong.

"Kalanga ine! Alamu, zala ziwiri zinapita kuti? Akazi anga, simukuona? Asakanizireninso achimwene anu, sangathe okha."

Tsopano mwadziwa za dzanjalo. Pepani.

Okhwa analiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kutenga mbale yanga. Anasakaniza misozi ikugwera pagome, mwamuna wake akumusisita pamsana kuti, "Basi, basi, chachikulu ali moyo." Yake sanaidye. Anati fungo la mafuta likumuchititsa nseru, n'kutuluka panja kukapuma.

Ine ndinadya yonse. Inasakanizidwa bwino ngati kale, koma inabwera yachiwiri.

A Bong analipira zonse, n'kundiumiriza kuti ndikadye nawo chaka chatsopano. Chikhoticho chibwera ndi munthu wodalirika. N'chofiira, n'chabwino. Solmae avale, mwana alibe chifukwa.

Mwana wanu,
Yonggil


Incheon, 28 Januwale 2001

Amayi,

Chaka chabwino kwa inu, chaka chatsopano cha mwambo wathu. Ndikugwadirani ndili kuno, mukhale ndi moyo wautali. Pepani kuti chaka chino ndalama ya mwana ya chaka chatsopano ndiyochepa.

Ku Ganghwa sindinapite, ndinati tili ndi ntchito. Fakitale inatseka masiku a tchuthi, mzinda wonse uli zii, aliyense wapita kumudzi kwawo. Azakhali a Dam okha ndiwo anatsekula, akuti kwawo sakudziwako, akapita kuti? Tinakhala awiri, chipale chikugwa panja. Sanaphike jajang, anandiphikira timabumi ta nyama ta m'madzi ngati timene mumaphika inu.

"Mlongo wako uja ali ndi pakati," anatero akusenda adyo. "Ndinaona tsiku lomwe anabwera ndi mwamuna wake lija. Maso ulibe?"

Ndinati sindikudziwa za akazi.

"Ndipo si mlongo wako. Ndagulitsa jajang kuyambira ndili mtsikana. Mchemwali sasakanizira mchimwene wake choncho."

Anangondithirira tiyi.

Musandilembere za nkhaniyi pakali pano. Ng'ombe musagulitse, a Heo akunama kuti mitengo itsika.

Yonggil


Incheon, 15 Epulo 2001

Amayi anga okondedwa,

Moni kwa inu ndi Solmae. Ndikhulupirira mwayamba kukonza nazale ya mpunga. Ine ndili bwino. Makalata anu onse atatu ndinalandira, ndinasowa poyambira kuyankha.

Okhwa anabwera yekha Lamulungu loyamba la Malichi. Mimba ikuoneka, akuti achira nthawi ya mvula. Ndinali nditaitanitsa kale ziwiri, khalidwe langa lija. Anakhala pansi koma chikhoti sanavule, timitengo sanatigwire.

"Bambo a Solmae, ndikanakonda akanakhala munthu woipa," anatero. "Ndinayesetsa kumupezera chifukwa. Mukafuna kukamuuza zoona, pitani, sindikuletsani. Mukafuna kundimenya, ndimenyeni pompano."

Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinawasunga chisanu chonse, ena otukwana ndithu. Onse anathawa. Ndinangomufunsa ngati miyendo ikutupa monga pa mimba ya Solmae. Anati ikutupa. Tinakhala choncho, mbale ziwiri zikuzizira pakati pathu, mpaka basi yake inafika.

Mwalemba kuti ndikaulule, kuti nawonso alawe. Ayi, Amayi. Ndikaulula amubweza kwathu ndi mimba yake, bambo uja atsala yekha m'nyumba yopanda munthu, ndipo ine ndipindula chiyani? Amene anabwera ndi nzeru ya chisudzuloyi pakhomo pathu ndine. Iye analira masiku angapo, ine ndikumuwerengera ubwino wake. Walira mvula walira matope. Zikundiwawa, koma musamutukwane pamaso pa mwana. Akuti akalandira unzika adzayesa kumuuza mwamunayo za Solmae. Tidzaona nthawiyo.

Solmae mumuuze kuti amake ali bwino ndipo sanamuiwale. Zinazo ndidzamuuza ndekha, ndi pakamwa panga. Chipinda chatsopano chija mumupatse iyeyo. Zenera la kum'mwera ndi labwino powerengera. Ine ndikhala kuno chaka china kapena ziwiri, aphunzire mpaka pamene mutu wake ungafike.

Dzulo nditaweruka miyendo inangonditengera kuseri kwa depoti. Sindinaganize za tsiku. Nditatsekula chitseko ndinapeza muli ana ovala zakuda aja, aliyense ndi mbale yake, phokoso lili pwirikiti. Ndinafuna kubwerera, koma mnyamata wina wonenepa anasendera pabenchi n'kumenya pamalo ndi dzanja.

"Khalani apa, amalume! Ife tonse ndi a mpingo umodzi."

Gome la pazenera linali lopanda munthu, Azakhali anali atalisunga ngakhale silinali Lamulungu. Ndinalidutsa n'kukakhala pabenchi paja. Chaka chatha ndinakalipa pamaso pa ana amenewa, dzulo anandigawira tizidutswa tawo ta ndiwo tachikasu towawasa, todyera jajang.

Azakhali a Dam anandiona ali ndi mbale m'manja monse. Chifukwa cha kutanganidwa anangotembenukira kukhitchini n'kukuwa monga anazolowera.

"Wa ku Yanbian wafika! Ziwiri!"

"Imodzi, Azakhali," ndinatero.

Anaima. Anapita okha kukhitchini, anabwera nayo, ndipo ataona dzanja langa anatola timitengo kuti andisakanizire. Ndinawagwira mkono n'kuwauza kuti asiye. Ndinayambira pansi, kunyamula, kutembenuza. Zinanditengera nthawi, malaya ndawadetsa, ndipo zingwe zina zinatsala zoyera.

Mundipempherere. Bondolo muzilifunditsa.

Ndine mwana wanu,
Yonggil